Phunziro la Zamalonda: Nyenyezi za pa Foni ndi Mbale ya Nsima

Khalani pansi ana anga, tsegulani makope. Lero tiyambira pa msewu umene nonse mumaudziwa.

Basi yochokera ku Lusaka ikamafika pa Katete Stores imakhala itayenda makilomita pafupifupi 500. Yadutsa Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke ndi Sinda, ndipo okwera ena njala yawapota. Munthu wa kuno akatsika safunsa kuti adye kuti. Amadziwa kale kwa mayi amene nsima yawo imapsa bwino, amadziwanso kumene amangotenthetsa ndiwo zadzulo. Anamva kwa alamu ake, kwa mnzake wa kutchalitchi, kapena tsiku lina zinamuonekera yekha. Mlendo alibe mlamu kuno. Kale ankafunsa kondakitala, kapena ankayang'ana pamene payima mathiraki ambiri opita ku Chanida, poti dalaivala sabwereranso pamalo pamene anadwalirapo m'mimba. Masiku ano alendo ambiri amangotulutsa foni, nkulemba dzina la tauni, nkuwerenga zimene anthu ena amene sadzaonana nawo analemba. Zolembazo timazitcha ndemanga za makasitomala. Funso lathu lero ndi lakuti, kodi ndemangazi zili ndi mphamvu yotani pa moyo wa malo odyera?

Munthu akadya, amatha kulowa pa Google Maps kapena pa TripAdvisor nkupatsa malowo nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, nkulembapo mawu ochepa, mwinanso kuikapo chithunzi cha mbale yake. TripAdvisor inayamba mu 2000, ndipo inzake yotchedwa Yelp, imene imagwira ntchito kwambiri ku America, inayamba mu 2004. Kompyuta imaphatikiza nyenyezi zonse nkugawa ndi chiwerengero cha anthu amene analemba. Nambala yotuluka pamenepo ndiyo imaoneka pansi pa dzina la malowo, ndipo anthu ambiri amangoona nambalayo osawerenga mawu.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Mukuti zimenezi ndi za ku Lusaka, amayi anu amene amaphika pamsika sanalembetsepo dzina pa intaneti. Mverani bwino. Pa Google Maps munthu wina aliyense atha kuikapo malo, ngakhale mwini wake sakudziwa. Ndiponso ndemanga za kuno zambiri siziyenda ndi nyenyezi ayi. Zimayenda pa magulu a WhatsApp a madalaivala, a aphunzitsi, a anamwino a ku chipatala cha St Francis, a anthu a mpingo. Chithunzi cha ntchentche mu msuzi chikaponyedwa pa gulu m'mawa, pofika masana chafika ku Vubwi. Mwini malo nthawi zambiri ndiye amakhala womaliza kumva.

Tsopano yang'anani pa bolodi, tichite masamu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake nkoona.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi malo odyera pafupi ndi mphambano ya ku Chanida. Anthu anayi analemba ndemanga ndipo onse anapereka nyenyezi 5. Avereji yake ndi 5. Kenaka pabwera munthu wina amene anadikira nsima nthawi yaitali basi nkutsala pang'ono kumusiya, wakwiya, wapereka nyenyezi 1. Phatikizani: 20 ndi 1 ndi 21. Gawani ndi 5. Mwapeza 4.2. Mawa lake mnzake amene anali naye walembanso nyenyezi 1. Tsopano ndi 22 kugawa ndi 6, ndipo tatsika kufika pa 3.7. Anthu awiri okha, pa chifukwa cha tsiku limodzi.

Nanga kuti mayiyu akwere kufika pa 4.5 pafunika anthu angati opereka nyenyezi 5? Yesani m'makope mwanu. Yankho ndi 10, chifukwa 22 ndi 50 ndi 72, ndipo 72 kugawa ndi 16 ndi 4.5. Anthu khumi okhutira ayenera kukumbukira kutenga foni, kuwononga bandulo yawo nkulemba, kuti achotse banga la anthu awiri. Ndipo inu mukudziwa mmene anthufe tilili. Wokhuta amasamba m'manja, kuthokoza nkumapita. Wokhumudwa ndiye amakhala ndi mphamvu zolemba.

Tengani tsopano lesitilanti yaikulu ya ku Lusaka imene ili ndi ndemanga 500 ndi avereji ya 4.5. Nyenyezi zake zonse ndi 2,250. Wina akapereka nyenyezi 1, tili ndi 2,251 kugawa ndi 501, ndipo pa foni padzaonekabe 4.5. Mwala womwewo ukagwera mu damu suoneka, koma ukagwera mu beseni madzi onse amakhavukira pansi. Lembani m'makope: ndemanga zikakhala zochepa, iliyonse imalemera kwambiri. Malo a kwathu kuno ali ndi ndemanga zochepa.

Anthu ophunzira anafufuza nkhaniyi. Mu 2011 katswiri wa zachuma wa ku Harvard Business School, Michael Luca, anatenga ndemanga za pa Yelp nkuzifananiza ndi ndalama zimene malo odyera a mumzinda wa Seattle ankalengeza ku ofesi ya msonkho. Anapeza kuti nyenyezi imodzi ikawonjezeka, ndalama zolowa zimakwera ndi 5 mpaka 9 peresenti.

Mwana wochenjera ayenera kukweza dzanja pamenepa nkufunsa kuti, aphunzitsi, kodi si chakudya chokoma chimene chikubweretsa zonse ziwiri, nyenyezi ndi makasitomala? Nanga tidziwa bwanji kuti ndi nyenyezi zimene zikukoka anthu? Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndikufuna muone mmene Luca analiyankhira, chifukwa ndi mmene munthu woganiza amagwirira ntchito. Yelp inkaonetsa nyenyezi zathunthu ndi zatheka basi. Malo a avereji ya 3.24 ankaoneka ndi nyenyezi 3, pamene malo a 3.26 ankaoneka ndi zitatu ndi theka. Malo awiri oterewa chakudya chawo nchofanana, kusiyana kwake nkochepa moti lilime silingamve. Koma pa foni amaoneka osiyana. Luca anayang'ana malo okhala mbali ziwiri za malire amenewa, nkuona kuti amene anakwezedwa ndiwo ankapeza ndalama zambiri. Ndiye kuti nyenyezi payokha, popanda kusintha mchere kapena mafuta, inkabweretsa anthu. Akatswiri ena awiri a ku Berkeley, Michael Anderson ndi Jeremy Magruder, anatsata njira yomweyo mumzinda wa San Francisco mu 2012, ndipo anapeza kuti theka la nyenyezi linkachititsa malo kudzaza kawirikawiri pa nthawi ya chakudya chamadzulo.

Pali chinthu china chimene Luca anapeza, ndipo kwa ine nchimene chikutikhudza kwambiri. Mphamvu ya nyenyezi inkagwera pa malo a munthu payekha. Makampani a nthambi zambiri sankagwedezeka. Chifukwa chake nchosavuta. Ukalowa mu Hungry Lion ku Lusaka umadziwa kale nkhuku imene upeze, dzina lokha lakuuza zonse. Koma malo a mayi wa pa Katete Stores alibe chikwangwani chodziwika dziko lonse, alibe ndalama zolengezera pa wailesi. Kwa mlendo, chimene chilipo ndi mawu a amene anadyapo kale. Mawu amenewo akakhala abwino, mayiyo atha kulimbana ndi kampani yaikulu popanda kulipira ngwee. Umenewu ndi mwayi umene agogo anu analibe. Koma akakhala oipa, alibe pothawira.

Mwina 9 peresenti ikuoneka yochepa. Tibwerere ku bolodi.

Tinene kuti mayi uja amagulitsa mbale 40 pa tsiku, iliyonse K50. Ndalama zolowa ndi K2,000. Pa ufa, nkhuku, kapenta, nkhwani, nsinjiro, mafuta, makala, lendi ndi malipiro a mtsikana womuthandiza, tinene kuti amawononga K1,700. Phindu ndi K300. Tsopano makasitomala anayi okha asabwere, ndiye mmodzi pa khumi alionse. Zolowa zatsika ndi K200. Kodi zowononga zatsika? Ayi. Nkhuku inaphedwa m'mawa, makala apsa kale, mwini nyumba safunsa kuti kunabwera anthu angati. Nsima yotsala ndi mkute, ndipo mkute sagulitsa. Phindu latsika kuchoka pa K300 kufika pa K100. Makasitomala achepa ndi gawo limodzi mwa khumi, koma phindu lapita magawo awiri mwa atatu. Zikapitirira miyezi itatu, mayiyo amayamba kudya mpamba. Akadya mpamba amagula nyama yochepa ndi kuthira madzi ambiri mu msuzi, ndemanga zimaipiraipira, ndipo tsiku lina mumapeza pakhomo pali loko.

Malo odyera kawirikawiri safa ndi ndemanga zokha. Amafa mavuto ena akawapeza ali ofooka kale. Mu 2017 Michael Luca yemweyo ndi Dara Lee Luca anaunika malo odyera a kufupi ndi San Francisco pamene malipiro otsikitsitsa a antchito ankakwezedwa. Anapeza kuti malipiro akakwera ndi dola imodzi pa ola, mwayi woti malo a nyenyezi zitatu ndi theka atsekedwe unkakwera ndi pafupifupi 14 peresenti, pamene malo a nyenyezi zisanu sanaoneke kukhudzidwa. Ife kuno tinaona chilala cha 2024, chimene President Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 February chaka chimenecho. Ufa unakwera mtengo, madzi a ku Kariba anachepa, magetsi ankazima maola ambiri ndipo nyama inkaonongeka m'mafiriji. Maganizo anga ndi akuti pa nthawi ngati imeneyo, amene ali ndi mbiri yabwino atha kukweza mtengo wa mbale makasitomala osamuthawa. Amene mbiri yake ndi yapakatikati akakweza, anthu amangowoloka msewu.

Chinthu chikakhala ndi mtengo, akuba sachedwa. Ku London mu 2017 mlembi wina dzina lake Oobah Butler, amene kale ankalipidwa polemba ndemanga zabodza, anafuna kuonetsa kufooka kwa dongosololi. Analembetsa kanyumba kamene ankakhalamo ngati lesitilanti, nkukatcha The Shed at Dulwich. Anzake analemba ndemanga zoyamikira. Zithunzi za chakudya anazipanga ndi zinthu zosadyedwa, monga thovu lometera ndevu. Pofika November chaka chomwecho malowo anali pa nambala 1 pa TripAdvisor mwa malo odyera oposa 18,000 a mu London, asanaphikirepo kasitomala ngakhale mmodzi. Anthu ankaimba foni usana ndi usiku kupempha malo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo apa mzinda wonse unamvera kandimverere.

Kafukufuku wina wa Luca ndi Georgios Zervas pa malo odyera a ku Boston anaonetsa kuti pafupifupi 16 peresenti ya ndemanga za pa Yelp zinkakayikiridwa kuti nzabodza. Anaonanso kuti mpikisano ukakula, ndemanga zabodza zonyoza zimachuluka. Izi sizachilendo kwa ife. Tonse tinamvapo wina akunong'oneza pamsika kuti uje amathira mankhwala mu ndiwo kuti akoke makasitomala, pamene vuto lenileni ndi loti ujeyo amaphika bwino kuposa iye. Kusiyana kwake nkwakuti miseche ya pamsika imazilala pakapita masabata, koma yolembedwa pa intaneti imakhalapo zaka, ndipo mlendo aliyense amaipeza ili yatsopano. Maiko ena anayamba kulanga. Mu 2018 khoti la ku Lecce, ku Italy, linalamula mwini kampani ya PromoSalento kukhala m'ndende miyezi 9 chifukwa chogulitsa ndemanga zabodza. Kuno kwathu lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kunamiza ogula, ndipo bungwe la CCPC ndilo limalandira madandaulo.

Musandimve ngati ndikuti ndemanga yoipa ndi tchimo. Ayi ndithu. Mukukumbukira kolera imene inayamba mu October 2023, imene inachititsa kuti sukulu zisatsegulidwe mpaka February 2024. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Munthu amene waona mbale zikutsukidwa m'madzi akuda, kapena anthu khumi akusamba m'beseni limodzi, kapena chimbudzi chopanda madzi pafupi ndi pophikira, akakhala chete chifukwa cha manyazi ndiye kuti waika anzake pa ngozi. Ayenera kuuza mwini malo, ndipo zikapanda kusintha akauze a zaumoyo a ku khonsolo, amene ali ndi mphamvu yoyendera ndi kutseka. Akalemba pa intaneti zimene anaona ndi maso ake, wachita bwino. Malo auve akatsekedwa chifukwa cha ndemanga zoona, ine sindidandaula. Chimene chimandiwawa ndi malo aukhondo kugwa chifukwa cha munthu amene anakana kudikira mphindi khumi kuti nsima ipse, kapena amene anakangana ndi mwini malo pa nkhani ya malire a munda.

Ganiziraninso za amene amalemba. Mlimi wa ku Kagoro amene wabwera pa njinga kudzagulitsa nsawawa kapena mpendadzuwa, nkudya nsima ya nkhuku yakumudzi asanabwerere, ndiye kasitomala weniweni wa malo athu. Amabwera chaka ndi chaka. Koma foni yake mwina ndi ya mabatani, ndipo ndalama ya bandulo ali nayo ntchito ina. Amene amalemba ndi wapaulendo wa ku Lusaka, kapena mzungu wopita ku Mfuwe kukaona nyama, ndipo amalemba m'Chingerezi. Wotereyu atha kuchotsa nyenyezi chifukwa sanapeze foloko, kapena chifukwa therere silinamukomere poti sanalidyepo chibadwire. Choncho nambala ya pa foni si mawu a onse odya pamalopo. Ndi mawu a ochepa okhala ndi foni zamakono, ndipo ambiri a iwo anangodyapo kamodzi. Mukamawerenga ndemanga dzifunseni: alemba anthu angati, analemba liti, ndipo akudandaula za chiyani kwenikweni? Anthu asanu osadziwana akatchula ntchentche pa miyezi yosiyana, khulupirirani. Mmodzi akangoti malo oipa popanda kunena choipacho, musamuwerengere.

Tsopano tibwere pakhomo penipeni. Loweruka lomaliza la August chaka chilichonse Mkaika imadzaza. Mafumu a Achewa ndi anthu awo amachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi m'Zambia muno kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu, wotchedwa Kulamba, unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934 nkuyambiranso mu 1984, ndipo lero umakoka anthu zikwizikwi. Onsewo amadya. Kwa ophika a kuno, sabata imeneyo ndi yokolola, ndipo ena amapezerapo ndalama zolipirira ana zofunika kusukulu. Koma ndi sabata yomweyonso imene mafoni ojambula amachuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Chiyeso chimakhala chachikulu: kukweza mtengo kawiri poona kuti munthuyu ndi wa ku Dedza kapena ku Tete sadzabweranso, kuchepetsa mitanda, kugulitsa nyama imene yakhala padzuwa. Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, potiphunzitsa kumusamala pa kanthawi kamene ali nafe. Masiku ano mlendoyo amapitadi, koma zimene analemba zimatsala, ndipo wobwera ku Kulamba ya chaka chamawa adzazipeza.

Pa Kulamba pali chinanso choti muphunzirepo. Mfumu ikamapereka malonje a dera lake kwa Kalonga, imaonekera pamaso pa anthu onse, dzina lake ndi mudzi wake zikudziwika. Mawu ake amalemera chifukwa mwini wake sabisala. Pa intaneti munthu atha kudzitcha dzina lililonse nkugwetsa ntchito ya mnzake ali gone pa mphasa. Ine ndikufuna inu mukamalemba za malonda a munthu, muzilemba zokhazo zimene mungathe kunena mutayima pamaso pake ndi pamaso pa anyakwawa. Nenani tsiku limene munadya, chimene munadya, chimene chinakoma ndi chimene chinalakwika. Ngati nsima inali bwino koma inachedwa, nenani zonse ziwiri, ndipo musapereke nyenyezi imodzi ngati kuti munadyetsedwa zowola. Musalembe za malo amene simunadyepo, ngakhale atakutumani ndi amalume anu.

Ambiri a inu ndinu amene mumagwira foni m'nyumba mwanu, choncho ntchito yothandiza makolo ili m'manja mwanu. Wina akadandaula, musamuyankhe ndi chipongwe, chifukwa yankho lanu lidzawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa iye. Thokozani, pepesani pamene palakwika, nenani chimene mwakonza. Kasitomala wokhutira mutha kumupempha mwaulemu kuti alembe, koma musamugule ndi botolo la Fanta, ndipo musalembe nokha ndi maina a abale anu. Chachikulu, kawauzeni amayi zimene anthu akunena, ngakhale zowawa. Anthu atatu akati madzi osamba m'manja ndi akuda, mankhwala ake ndi jagi, sopo ndi madzi oyera, osati kukangana pa Facebook.

Ntchito ya kunyumba nayi. Sankhani malo odyera amodzi a ku Katete, Sinda kapena Chipata amene akupezeka pa Google Maps. Amene mulibe foni gwirizanani ndi anzanu, atatu atatu. Lembani chiwerengero cha ndemanga ndi avereji yake, kenaka werengerani kuti averejiyo ingatsike kufika pati anthu awiri atapereka nyenyezi imodzi imodzi. Mukatero pitani kwa munthu mmodzi wophika zogulitsa m'dera lanu, mumupatse moni mwaulemu, mumufunse kuti makasitomala atsopano amamudziwa bwanji. Musalembe dzina lake m'kope. Tidzayamba ndi mayankho anu Lolemba m'mawa.